Piritsi Loyera la Akamwini Anga

Lolemba, 7 Junyu 1971, chipatala cha ku Cuamba

Ndisanayambe kulemba za matenda, pali zinthu zofunika kuti zikhale m'malo mwake.

Choyamba ndi ana anga a kalasi yachinayi ku Ngauma. Mayeso a boma ali pafupi, ndipo Padiri, wansembe woyang'anira sukulu yathu, wawasiya m'manja mwa katekista amene masamu ogawa amamutulutsa thukuta.

Chachiwiri, Padiri yemweyo alembe papepala kuti ndabwera kudzapuma ndipo sukulu ikundidikira. Wangonena pakamwa, atayang'ana kumbali.

Chachitatu ndi botolo langa. Chaka chatha ku Nampula anandichotsa chithokomiro. Dotolo wa kumeneko anandifotokozera bwino: kanthu kamene anadula pakhosi panga kamapanga madzi oyendetsa thupi, amawatcha oromona, ndipo tsopano madziwo ndiziwalandira m'piritsi limodzi lofiirira m'mawa uliwonse mpaka kufa. Anati ndisaphonye ngakhale tsiku limodzi. Koma masana ano ndaona Irima Emília, sisitere wamkulu wa chipinda chino, akusecha katundu wa mayi wina. Mizu wataya, zimenezo n'zomveka. Wataya ndi mankhwala a chifuwa ogula m'sitolo, ati muno mankhwala amatuluka m'kabati imodzi yokha. Langa ndalimanga pa mfundo ya kapulana, chitenje chimene ndavala. Ndizimwa ndekha mpaka nditapeza munthu woti andimvere modekha.

Chachinayi sindikudziwa kuti ndichikonza bwanji. Namwino wolandira odwala ndi a Kassimu, amuna a mwana wanga Celeste. Ndinkadziwa kuti amagwira ntchito kuno, koma ndinkayesa ali kumbali ya asilikali ovulala. Nditawaona ndakokera kapulana kumaso, iwo atembenukira kukhoma. Afunsa khomalo dzina langa ngati sakulidziwa, ine ndayankha chitseko. Afunsa zaka, afunsa mudzi, basi atuluka. Kwathu mkamwini ndi apongozi sayang'anizana, sadyera pamodzi, za m'thupi sakambirana. Chikwatireni mwana wanga sitinalankhulanepo. Uthenga umadzera kwa Celeste, ndipo Celeste ali ku Mandimba.

Chimene chandibweretsa ndi ichi. Mwezi watha galimoto imene inali patsogolo pa yathu pa msewu wa Mandimba inaponda bomba. Chiyambire pamenepo tulo tanga n'tochepa, ndipo tsiku lina chitseko chitamenyetseka ndi mphepo ndinagoneka ana onse pansi pa mabenchi. Ndi zokhazo. Aliyense woona zimene ndinaona akanatero.

Lachitatu, 9 Junyu

Kutentha kwa thupi kuli bwino. Mtima 84 pa mphindi. Sikelo 58.

Mankhwala: piritsi loyera laling'ono m'mawa, lachikasu madzulo. Am'mawa amagawa ndi a Kassimu. Ena amawapatsa m'manja, langa amaliika m'kambale pakabati atafulatira, n'kuchoka cham'mbali. Ndafunsa Irima ntchito yake. Lachikasu ati ndi la tulo. Za loyera wangoti zonse n'zondithandiza, ali kale pa bedi lachitatu. Ndamwa, kenako ndamwa langa la m'botolo nditafunda kumutu.

Woyandikana naye ndi mayi Anifa, wogulitsa nsomba zouma wa ku Amaramba. Ali ndi chilonda cha pamwendo chosapola. Waona zonse za kambale zija, ndipo atamva chibale chake waseka mpaka kutsokomola. Akuti wake mkamwini anamuthawa tsiku lina mpaka kugwetsa thandala lonse la nsomba. "Koma wanuyu ndi katswiri, aphunzitsi. Amaona ndi msana."

Lachisanu, 11 Junyu

Ndaonana ndi dotolo. Ndi mnyamata wa tropa, gulu la asilikali a boma, anamukoka kwawo asanamalize maphunziro a matenda a maganizo. Ndi wodekha, waulemu. Akuti mankhwala anga enieni ndi kulankhula: Lachiwiri ndi Lachisanu ndizikhala m'kachipinda kake n'kumanena chilichonse chobwera m'mutu.

Ndinavomera, mpaka pamene a Kassimu analowa atanyamula mpando wachitatu. Dotolo akuti za mumtima zimatuluka m'chiyankhulo chimene munthu anayamwira, choncho ndizilankhula Chinyanja, iwo azimasulira. Ine amene ndinatuluka woyamba m'Chipwitikizi ku sukulu ya aphunzitsi, amene ndachiphunzitsa mpaka ana anga ena ndi makalaliki. Akuti wawasankha dala atamva kuti ndi achibale, kuti ndimasuke.

Ndinamufotokozera mwambo wathu m'Chipwitikizi chomveka. Nkhope yake inawala ngati ya mwana wotola bowa. Anafunsa kuti ndimaopa kuti chingachitike n'chiyani nditawayang'ana. Ndinati si mantha, ndi ulemu. Anati pamene pali povuta kulankhula ndi pamene pali ntchito yathu, ndiye mpandowo usachoke.

Tinakhala choncho mpaka nthawi kutha: ine kuyang'ana zenera, iwo kuyang'ana nsapato zawo, dotolo kutiyang'ana tonse awiri mokondwa.

Lachiwiri, 15 Junyu

Mtima 96.

Wandifunsa za bomba. Ndanena zimene ndinaona mwadongosolo lake: dalaivala, matumba a chimanga ong'ambika, mayi amene ankafunafuna nsapato yake pamene anzake ankafunafuna mwana wake. A Kassimu amamasulira bwino, sindingawanamizire. Kenako wafunsa za malemu amuna anga, ngati tinkakondana, ngati thupi langa limawasowa. Pamaso pa mkamwini. Iwo analidula pakati funsolo, koma ndinali nditalimva kale lonse. Ndakhala chete, ndipo chete wangayo walembedwa.

Ndafunsa dzina la piritsi loyera. Wandiyankha ndi funso: n'chifukwa chiyani ndimafuna kudziwa chilichonse? Mwana wa sukulu atandiyankha choncho angasese bwalo sabata yonse.

Loweruka, 19 Junyu

Mtima 104. Sikelo 56.

Kukuzizira kwambiri. Amayi onse akupempha mabulangete, ine langa ndapatsa mayi Anifa. Thukuta mpaka kunyowetsa pilo. Njala ngati ya dzombe: ndadya zanga, ndadya chinangwa cha mayi Anifa, ndadya nsomba zimene mchemwali wake anabweretsa. Wandinong'oneza kuti ndinene zoona, kodi m'mimbamu ndabisamo anyamata a kutchire omenyana ndi boma? Ndamuuza kuti nthabwala zoterozo zimamangitsa. Wati ndiye am'mange, kundende mwina mwendo ukapola.

M'mimba mukuthamanga. Kumwezi mwezi uno sindinapite. Izi ndi zimene dotolo ayenera kumva, ndipo sindingazinene pa mpando uja. Ndinamupeza pakhonde ali yekha. Helikopita inali itangotera ndi ovulala, malaya ake ali magazi okhaokha. Anandiuza mokoma mtima kuti ndisunge, ndidzanene pa nthawi yathu yocheza. Ndauza Irima, ati pa msinkhu wanga zimatero. Sanafunse n'komwe msinkhuwo.

Lachiwiri, 22 Junyu

Mtima 112. Manja akunjenjemera, zilembozi ndi umboni.

Lero ndalankhula osapuma: za katekista, za choko, za denga lodontha, za mpanda wa waya umene asilikali anatitsekeramo ku Ngauma minda yathu ili kunja. A Kassimu amalephera kunditsata. Za waya sanamasulire konse, ndipo ndikuganiza kuti anachita bwino. Mawu amangotuluka okha, ine n'kumawamva ngati a munthu wina. Ine si wolongolola. Dotolo akuti tikupita patsogolo, chimene chinatsekeka chayamba kutseguka.

Lachisanu, 25 Junyu

Ndalalatira Irima chifukwa cha chithunzi cha pakhoma chopendekeka. Ndaponya kapu. Sinagunde munthu. Mayi Anifa anati ndikhale pansi, ine ndinamuuza kuti akalamule nsomba zake. Sakundilankhula.

Dotolo akuti ukali umenewu unali m'kati mwanga kuyambira kale, wangopeza khomo. Ayi. Ndine wodandaula, ndikudziwa. Ndimabwerera panjira kukaona ngati ndatseka chitseko, ndimawerenga mayeso a ana kawiri. Koma sindinaponyerepo munthu kanthu, ngakhale choko. Muno ndinalowa ndili ndi mantha. Ichi n'china, ndipo ndachipeza muno.

Lachiwiri, 29 Junyu

Mtima 124. Sikelo 54. Achikasu tsopano ndi awiri. Tulo palibe. Cholembera chikundithawa.

Ndapepesa kwa mayi Anifa. Wangondisendera nthochi.

Lachisanu, 2 Julyu

Dotolo wati kulankhula kokha sikukukwanira. Lachitatu pa 14 pali komboyo, sitima ya pamtunda ya ku Nampula, andikweza ndi wondiperekeza, ndipo kuchokera kumeneko andipititsa ku chipatala chachikulu cha amisala kum'mwera. Ndafunsa za sukulu, wati thanzi liyambe. Irima ndiye wandiuza zoona: mphunzitsi wolowa kumeneko, ngakhale atatuluka, sapatsidwanso ana. Makolo sangalole, Padiri sangalole.

Ndalira pamaso pa mkamwini. Chimenechi sindikudziwa kuti ndidzakhululukira ndani.

Lamlungu, 4 Julyu

Celeste wafika dzulo ndi magalimoto operekezedwa ndi asilikali. Anali kudwazika amayi a amuna ake, ndipo msewu unali wotseka. Mimba yayamba kuoneka. Wabweretsa mbatata yowotcha ndi mtedza. Atandiona anaika dengu pansi osapereka moni, kenako anafunsa kuti maso anga atani.

Ndinamutuma nthawi yomweyo, uthenga umodzi wokha: akafunse amuna ake kuti piritsi loyera ndi la chiyani. Anali pakhonde pomwepa, ndinkamva chifuwa chawo ndili pabedi. Mwezi wathunthu yankho linali pakhondepo.

Celeste anabwera nati ndi la chithokomiro. Padiri analemba za opaleshoni yanga, dotolo atawerenga analamula kuti ndizilandira oromona ya m'kabati ya chipatala.

Ndinamasula mfundo ya kapulana n'kumuonetsa botolo.

Ndiye kuti m'mawa uliwonse ndakhala ndikumwa muyeso wa anthu awiri. Dotolo wa ku Nampula ananenanso kuti oromona ikachuluka mtima umathamanga, thupi limatentha, munthu amaonda akudya ndipo amapsa mtima msanga. Mawuwo ndinkawakumbukira. Koma ndinkati piritsi langa ndi limodzi monga kale, sichingakhale chimenecho.

Celeste anabwerera pakhonde, ndipo anakhalitsa. Yankho lake ndi ili. Wolandira wodwala ayenera kufunsa ngati wabwera ndi mankhwala ake. A Kassimu sanafunse, chifukwa funsolo limatsatana ndi mafunso a kumwezi ndi a kuchimbudzi, ndiye analumpha onse pamodzi. Zikadziwika achotsedwa ntchito, ndipo mnyamata wochotsedwa ntchito ya boma masiku ano dzina lake limapita ku tropa. Akupempha kuti ndingosiya la m'botolo mwakachetechete, pakapita milungu ingapo thupi libwerera mwakale.

Ndinati komboyo sidikira milungu ingapo. Celeste anagwira pamimba, sindikuganiza kuti anachita dala.

"Ndiye ndikanene kuti chiyani, mayi?"

"Ukanene kuti ndamva."

Mayi Anifa ankanamizira tulo. Celeste atachoka anatsegula diso limodzi n'kupempha mtedza.

Lolemba, 5 Julyu

La m'botolo sindinamwe. Loyera lokha. Mtima 122.

Lachiwiri, 6 Julyu

Ndinaganiza kuti pali njira yosapweteka aliyense: kuonetsa botolo, osatchula za tsiku lolandira. Ndinaliika patebulo n'kufotokoza m'Chipwitikizi, osadikira womasulira. Dotolo anawerenga zolembedwa pabotolo, makutu ake anafiira. Anavomera kuti mtima, thukuta, kuonda, mwina ndi kapu ija, zachokera pamenepo. Ndinayamba kupuma bwino.

Kenako anatembenukira kwa a Kassimu.

"Tsiku limene munawalandira, ananena za botolo ili?"

"Sananene, sinyoro dotolo."

N'zoona. Sindinanene.

Dotolo anandiyang'ana ndi chifundo chake chija chimene ndimadana nacho. Anati munthu wophunzira amene wafunsidwa, n'kubisa, n'kumamwa mankhwala mobisa mwezi wathunthu thupi likutha, ayenera kuyang'aniridwa koposa kale. Anafunsa ngati ndinkafuna kudzivulaza. Ndinamuuza za mankhwala a chifuwa amene Irima anataya. Ndinamukumbutsa kuti ndinamufunsa yekha dzina la piritsi, iye n'kundiyankha ndi funso. Anati akumva zonsezo, koma bwanji sindinanene pofunsidwa?

Liwu limodzi, loti sindinafunsidwe, likanakwanira, ndipo linali kale pakamwa. Ndinamva mpando wa kumbuyo kwanga ukulira. Ndinaganiza za Celeste. Komanso liwu lotero, lochokera kwa mayi woponya makapu, lingalemere bwanji poyerekeza ndi la namwino wa yunifomu yoyera?

Botolo watenga. Irima wasecha bedi langa, watenga lumo ndi singano zanga, amayi onse akuonerera. Za komboyo sizinasinthe.

Lachisanu, 9 Julyu

Mtima 108. Sikelo 54. Ndagonako. Manja achepetsa kunjenjemera, ndipo chakudya cha munthu mmodzi chayamba kundikwanira.

Dotolo akuti n'zabwino, koma thupi silinali nkhawa yake yaikulu. Ndinamufunsa mosapita m'mbali kuti n'chiyani chingamusinthe maganizo. Ndinafunsa m'Chinyanja monga amafunira, kuti asanene kuti ndikuthawa. Anaganiza pang'ono, kenako anati zikanakhala kuti sindinafunsidwe, bwenzi ili nkhani ina, bwenzi kulakwa kuli kwa iwo a chipatala, ndipo sakanatumiza munthu kum'mwera chifukwa cha kulakwa kwawo.

A Kassimu anamasulira mawu amenewo. Onse, osadumpha limodzi, m'Chinyanja chabwino. Kenako anayang'ana nsapato zawo.

Ndafotokozera mayi Anifa, popeza anamva kale theka. Sanaseke. Wati, "Aphunzitsi, mkamwini si Mulungu. Komanso Mulungu amene timamulankhula."

Lamlungu, 11 Julyu

Mtima 102.

Celeste wabwera ndi kapulana yatsopano ndi kamba wa paulendo. Ndiye kuti kunyumba kwawo agwirizana kale kuti ndikupita. Kambayo ndagawira chipinda chonse iye akuona.

Tsamba ili ndiling'amba ndikamaliza.

Bambo Kassimu, ndine Estere, apongozi anu. Aka n'koyamba kukulankhulani, ndiye mundipirire ngati sindikudziwa kayambidwe kake.

Za piritsi sindikukuimbani mlandu. Chimene chinakutsekani pakamwa tsiku lija ndi chomwe chinanditseka ine, ndipo woyamba kuphimba nkhope ndinali ine. Koma Lachiwiri munayankha zoona zimene zinagwira ntchito ya bodza, ndipo Lachisanu munandimasulira ndi pakamwa panu mawu amene akanandimasula, n'kukhala pansi. Mwandilemekeza mokwanira. Ulemu wanu wandionditsa, wandiliritsa pagulu, wandilanditsa singano ngati mwana, ndipo Lachitatu undilanda sukulu.

Za tropa ndikuzidziwa, ndipo sindikunamizani kuti palibe choopsa. Koma taganizani ichi. Dotolo ndinamuuza za mwambo wathu tsiku loyamba lenilenilo, iye n'kulamula kuti mpando wanu usachoke. Sangalembe kulakwa kwanu osalemba kwake. Si munthu woipa, ndipo makutu ake amafiira. Mukapita kwa iye ndipita nanu, ndikhala moyang'anizana nanu, ndinena mbali yanga yonse.

Mukakana, ndikwera komboyo ndipo dzina lanu sindilitchula, chifukwa cha mwana ali m'mimbayo. Koma mukane nokha, kwa ine. Celeste musamutume, wasenza zokwanira.

Dotolo atsimikiza za ulendo Lachiwiri m'mawa. Ndiyankheni msanga, bambo, dzuwa la mawa lisanalowe.